Masitepe 58 a ku Avignon

Uthengawo unafika Lachiwiri lina mu Febuluwale, ndili pakati pochonga makope a masamu. Banja lina la ku Avignon, kum'mwera kwa France, linkafunsa ngati tingalole kusinthana nalo nyumba kwa milungu iwiri mu Ogasiti. Iwo abwere adzakhale m'nyumba yathu kuno ku Nottingham, ife tipite tikakhale mwawo, popanda wolipira mnzake ngakhale tambala. Anatumiza zithunzi 12. Denga linali la mitanda yakale yonenepa ngati thunthu la mbawa, pansi panali matailosi ofiira, ndipo pawindo la kukhitchini pankaoneka nsonga za nyumba yachifumu ya apapa.

Ine mtima unali utanyamuka kale. Mayi a kunyumba, omwe ndi namwino ndipo satengeka ndi zithunzi, anandilanda foniyo n'kuyang'ana chithunzi chilichonse mofatsa. Atamaliza anati, "Bambo, windo likuonetsa madenga a anzawo. Ndiye kuti nyumbayi ili m'mwamba. Nanga masitepe ali pati?" Chithunzi cha masitepe panalibe. Funso limenelo linatidyera milungu itatu, ndipo ndi limene linandiphunzitsa kusiyanitsa mzinda wokauona ndi mzinda wokakhalamo.

Kwa amene sanamvepo za kusinthana nyumba, si lendi ndipo si kusungitsa nyumba. Ndi mgwirizano wa mabanja awiri osadziwana, aliyense akusiya makiyi ake m'manja mwa mnzake. Anayambitsa zimenezi ndi aphunzitsi anzanga, anthu a tchuthi chachitali koma matumba osaya. Mabungwe awiri akale kwambiri, Intervac ndi HomeLink, onse amati anayamba mu 1953. Masiku amenewo ankasindikiza mabuku a maadiresi, anthu n'kumalemberana makalata miyezi yambiri tchuthi chisanafike. Lero zonse zili pa intaneti. Umalipira ndalama ya umembala pachaka, umaika zithunzi za nyumba yako, n'kumadikira kapena kufunsira. HomeExchange, yomwe inayamba ku America mu 1992 n'kugulidwa ndi kampani ya ku France mu 2017, ili ndi njira ya mapointi: ukalandira alendo umapeza mapointi, omwe ungakagonere nawo m'nyumba ya munthu wina, nthawi ina. Ambiri kuno anazidziwira mu filimu ya The Holiday ya 2006, mmene amayi awiri anasinthana nyumba n'kupezerako amuna. Ife tinkangofuna kupulumutsa ndalama ya hotela, yomwe kwa anthu asanu imaposa ya ulendo weniweniwo.

Wachisanu pa anthu asanuwo anali amayi anga. Amakhala ku Ntcheu, ndipo tinali titawakonzera kale ulendo wodzationa kuyambira Julayi mpaka kumapeto kwa Sepitembala. Nditawafotokozera pa WhatsApp, anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yathawa. Kenako anati, "Mwananga, ndiye kuti anthu osawadziwawo adzagona kuchipinda kwanu? Pa bedi lanu?" Ndinayesa kunena kuti ifenso tikagona pa lawo, koma ndinangowonjezera nkhuni pamoto. Kwathu mlendo timam'phera nkhuku, timamuyalira mphasa yatsopano, koma kuchipinda kwa eni nyumba sikulowa ngakhale mwana wako wotha msinkhu. Chinawazunguza kwambiri chinali china: "Ndi mlendo wanji wofika pakhomo eni palibe? Adzamulonjera ndani?"

Sindinawaseke, chifukwa anali atagunda pamutu pa nkhani. Posinthana nyumba palibe wokulonjera. Umafika m'moyo wa munthu wina eni ake atachokamo, n'kuutenga mmene ulili: mphaka wake, maluwa ake ofuna kuthirira, mpopi wake wodontha, tsiku lake lotulutsa zinyalala, ndi aneba ake omwe akukuyang'ana kuti ndiwe yani. Za kuchipinda tinathana nazo mosavuta. Tinagwirizana kuti chipinda chathu tidzakiya, alendowo adzagone m'chipinda china chomwe chilinso ndi bedi lalikulu, ndipo tinawauziratu. Anayankha kuti palibe vuto, koma kwawoko chipinda chachikulu ndi chimodzi chokha, tisankhe tokha chochita.

Amayi anafewa nditatchula apapa. Iwo ndi Mkatolika wa ku Nzama, kumene ansembe a Montfort ochokera ku France anafika mu 1901, ndipo dziko la France amalidziwa ngati kwawo kwa ansembe. Koma zoti Papa anakhalapo kwina osati ku Roma anali asanazimvepo, ndipo poyamba anaganiza kuti ndayamba kuwerenga mabuku a mipingo ina.

Nkhaniyo ndi yoona. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300 Mfumu Philippe IV ya France inakangana koopsa ndi Papa Boniface VIII, ndipo ku Roma mabanja a anthu otchuka ankamenyana okhaokha. Mu 1305 anasankha bishopu wamkulu wa ku Bordeaux kukhala Papa Clément V. Iye ku Roma sanapondeko, ndipo mu 1309 anakhazikika ku Avignon, m'mbali mwa mtsinje wa Rhône. Apapa asanu ndi awiri otsatizana, onse Afalansa, analamulira mpingo ali kumeneko. Benoît XII anayamba kumanga nyumba yachifumu mu 1335, yolimba ngati linga la nkhondo, ndipo Clément VI, munthu wokonda zapamwamba, anaikuza n'kuikongoletsa. Yemweyo ndi amene anagula mzinda wonse kwa Mfumukazi Jeanne ya ku Naples mu 1348, chaka chomwe mliri waukulu unapululutsa anthu mumzindamo, pa mtengo wa ndalama zagolide 80,000. Mu 1376 Katarina Woyera wa ku Siena anayenda mpaka ku Avignon kukadandaulira Grégoire XI kuti abwerere, ndipo mu 1377 Papayo analowanso mu Roma. Apa amayi anadumpha: Katarina ameneyo amamudziwa. Mzindawo unakhalabe wa apapa mpaka 1791, pamene unaphatikizidwa ku France.

Zimene apapawo anasiya zilipobe. Nyumba yachifumu ija, Palais des Papes, ili m'gulu la nyumba zikuluzikulu za m'nthawi imeneyo ku Ulaya konse. Linga lozungulira mzinda wakale ndi lotalika makilomita oposa 4, ndipo likadali chilili. Pali mlatho wa Saint-Bénézet, wotchuka chifukwa cha nyimbo ya ana yomwe ambiri tinaimbapo m'kalasi la Chifalansa kusekondale. Unali ndi mauta 22, koma madzi osefukira ankaugumula mobwerezabwereza mpaka anthu anatopa kuukonza m'zaka za m'ma 1600. Lero kwatsala mauta anayi, ndipo mlathowo umathera pakati pa mtsinje. Bungwe la UNESCO linaika zonsezi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1995.

Ine ndinali nditaziona kale zimenezi. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinagonako usiku umodzi pahotela, ndipo ndinene zoona: tsiku limodzi ndi theka zinakwana. M'kati mwa nyumba ya apapa muli zipinda zazikulu koma zambiri ndi zopanda kanthu, chifukwa inasandutsidwa malo a asilikali mpaka 1906 ndipo zambiri zinawonongeka. Zojambula zakale za pakhoma zatsala m'zipinda zowerengeka. Ukatuluka mmenemo, n'kuyenda pa mlatho woduka uja, n'kukwera ku munda wa Rocher des Doms kukaona mtsinje uli m'munsi, wamaliza zomwe zili pa mapositikhadi. Tsono funso langa linali lakuti: masiku 12 otsalawo tidzatani? Mzinda wa mbiri ukhoza kukudabwitsa Lolemba, Lachinayi n'kukhala utakukwana. Wa pahotela amangolongedza n'kupita kwina. Wosinthana nyumba sangathawe, chifukwa kwawo kuli anthu ndipo mphaka wa eni akudikira chakudya.

Pa mbali imeneyi Avignon anapambana mayeso, ndipo chinamupambanitsa si apapa ayi, ndi njanji. Mizinda ya Arles ndi Orange ili pa mtunda wosapitirira theka la ola pa sitima, Nîmes pang'ono chabe kuposa apo, ndipo yonseyi ili ndi mabwalo a masewero omangidwa ndi Aroma zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Pont du Gard, mlatho wa ngalande ya madzi wa Aroma wotalika mamita pafupifupi 49 kupita m'mwamba, uli pa makilomita 25 okha. Kutsidya kwa mtsinje kuli Villeneuve-lès-Avignon, kumene makadinala ankamanga nyumba zawo pothawa phokoso ndi fungo la mumzinda. Pakati pa mtsinje pali chilumba cha Barthelasse, cha minda ndi njira za njinga, chomwe umawolokerako pa boti laulere. Ndiye kuti ana athu awiri sakanatha milungu iwiri akungoyang'ana miyala yakale.

Kafikidwe nakonso kanatikomera. Sitima ya ku Nottingham imathera pa St Pancras ku London, pomwe sitima ya Eurostar yopita ku Paris imanyamukira. Ku Paris umasamuka kuchoka pa Gare du Nord kupita pa Gare de Lyon, kenako sitima yothamanga ya TGV imakufikitsa ku Avignon m'maola osakwana atatu. Choti mudziwe n'chakuti masiteshoni alipo awiri. Ya TGV, yomwe inatsegulidwa mu 2001, ili kunja kwa mzinda, ndipo pali kasitima kena ka mphindi zochepa kokufikitsa pa siteshoni yakale yomwe ili pachipata cha linga.

Apa m'pamene zabwino zinathera, ndipo tinabwerera ku funso la mayi a kunyumba. Tinalembera banjalo kufunsa za masitepe. Anayankha moona mtima, ndipo ndimawalemekeza nazo: nsanjika yachitatu, chikepe palibe, masitepe 58 amiyala, ozungulira ngati chigoba cha nkhono, ena odyeka pakati chifukwa cha mapazi a zaka mazana. Ndi mmene zilili nyumba zambiri za m'kati mwa linga, dera lomwe eni ake amalitchula kuti intra-muros. Zinamangidwa kusanabwere zikepe, ndipo malamulo oteteza nyumba zakale salola kuzigumula mwachisawawa. Amayi anga ali ndi zaka za m'ma 70. Kumunda amalima, kutchalitchi amayenda wapansi, koma bondo lawo lakumanzere silimvana ndi zitunda. Kukwera masitepe 58 kamodzi akanatha. Koma munthu wokhala m'nyumba amakwera popita ku msika, pobwera ku Misa, pokataya zinyalala, ndi pamene waiwala chipewa. Tinaona kuti akanakhala mkaidi wa pawindo lokongola lija.

Chachiwiri chinali kutentha. Nditawauza amayi anaseka: "Munthu wa ku Malawi n'kuopa dzuwa la azungu?" Koma kwathu ku Nzama ndi kumapiri, si ku Nsanje, ndipo kumudzi kukatentha umatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Ku Avignon mu Julayi ndi Ogasiti kutentha kopitirira madigiri 30 n'kwa tsiku ndi tsiku, ndipo pa 28 Juni 2019 mudzi wa Vérargues, kum'mwera komweko kwa France, unafika madigiri 46. Miyala ya mumzinda imamwa dzuwa usana wonse n'kumalilavula usiku. Eni ake ali ndi nzeru zawo: amatseka zitseko zamatabwa za mawindo m'mawa dzuwa lisanakwere, amakhala mumdima masana onse, n'kutsegula usiku. M'nyumba za pansi zamakoma okhuthala zimathandiza. Koma nyumba ya pamwamba penipeni, pansi pa denga, imakhala uvuni. Banjalo linati makina oziziritsa mpweya alibe, ali ndi mafani awiri. Mayi a kunyumba anangondikumbutsa za Ogasiti wa 2003, pamene kutentha kunapha anthu pafupifupi 15,000 ku France, ambiri mwa iwo okalamba okhala m'nyumba za m'matauni. Pamenepo sindinatsutse.

Ndinayesa kuzemba ponena kuti bwanji Julayi. Apa ndinaphunzira china chomwe zithunzi sizinena. Mu Julayi mzindawu si wa eni ake. Mu 1947 Jean Vilar anayambitsa chikondwerero cha zisudzo m'bwalo la nyumba ya apapa, ndipo masiku ano mwezi umenewu Avignon amasanduka bwalo limodzi lalikulu. Pambali pa zisudzo zoitanidwa pali zina zongobwera zokha, zomwe amazitcha Off, ndipo zimaposa 1,000. Magalaja, makalasi, ndi matchalitchi akale zimasanduka malo a zisudzo, makoma onse amakutidwa ndi mapepala oitanira anthu, ndipo phokoso silitha mpaka usiku kwambiri. Kwa wokonda zisudzo amene amamva Chifalansa, palibe malo ena oposa amenewa. Kwa banja la ana ndi agogo, ndi nkhani ina. Komanso mwezi umenewu ambiri okhala m'kati mwa linga amachititsa lendi nyumba zawo kwa azisudzo pa mtengo wokwera, choncho kupeza wofuna kusinthana nawe ulere n'kovuta. Banja lathulo linanena mosabisa kuti Julayi ndi mwezi wawo wopezera ndalama. Ndinamvetsanso chifukwa chake ankafuna Ogasiti: ankathawa ng'anjo yomweyo yomwe ife tinkafuna kukalowamo. Musaiwale kudzifunsa funso limeneli nthawi zonse: eni nyumba akuchokeranji pa nthawi imeneyi?

Za galimoto sindichedwapo. Anatipatsa mwayi wosinthananso magalimoto, monga ambiri amachitira. Ine ndinaphunzira kuyendetsa ku Lilongwe, ndikuyendetsa ku England, konseko ndi kumanzere. Ku France ndi kumanja, ndipo misewu ya m'kati mwa linga ndi yopapatiza moti ngolo ziwiri sizingaphonyane, yambiri yolowera mbali imodzi. Galimoto yawo ankaisiya kutali ndi nyumba. Ndinakana, ndipo ndinapewanso nkhani yokambirana ndi a inshulansi.

Nkhani ya mapepala ndi imene Amalawi ambiri timaiwala mpaka mochedwa. Ife anayi tili ndi ziphaso za Britain, ndipo timaloledwa kukhala m'mayiko a Schengen, kuphatikizapo France, masiku 90 pa masiku 180 aliwonse popanda viza. Amayi ali ndi chiphaso cha Malawi. Viza yawo ya Britain ku France ilibe ntchito, afunika ina ya Schengen, ndipo lamulo ndi lakuti munthu apemphe ali m'dziko lomwe amakhala. Mlendo amene wangobwera kudzacheza ku England sangadzuke n'kukapempha ku London. Ndiye kuti zonse zinayenera kutheka asanachoke kumudzi. Mtengo wake ndi mayuro 90 kuyambira Juni 2024, kuwonjezera inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, ndi umboni wa kumene ukagone. Umboni umenewu ndi pamene posinthana nyumba pamavutira. Wa pahotela amangoonetsa pepala la hotelayo. Wokagona m'nyumba ya munthu amafunsidwa chikalata chotchedwa attestation d'accueil, chomwe mwini nyumba amakatenga yekha ku ofesi ya meya. Kupempha munthu amene sunamuonepo kuti akaime pamzere chifukwa cha amayi ako si chinthu chaching'ono. Anati akhoza kutero, koma ndinaona kuti ngongole ya ulemu ikukula tisanagwirane n'chanza chomwe.

Pali chinanso chomwe ndinafufuza mwakachetechete, ndipo aliyense wa khungu ngati langa amachidziwa. Pa tsamba lathu tinaika chithunzi cha banja lonse mwadala, kuti wokana akane tisanagule matikiti. Ena anasiya kuyankha ataona chithunzicho, kapena mwina anali ndi zifukwa zawo, mtima wa munthu suoneka. A ku Avignon ndi amene anatiyamba okha, chithunzi chili pomwepo. Tinawapempha kuti akauze aneba awo kuti kukubwera banja lotani, kuti wina asadzaone munthu wakuda akulimbana ndi loko usiku n'kuimbira apolisi. Anamvetsa msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Avignon si mzinda wa azungu okhaokha. Uli ndi anthu pafupifupi 90,000, ambiri mwa iwo amakhala kunja kwa linga, ndipo pakati pawo pali mabanja ochuluka ochokera kumpoto kwa Africa. Si mzinda wolemeranso. Kunja kwa linga kuli madera a anthu ovutika, a nyumba zosanjikizana zotopa, omwe sajambulidwa pa mapositikhadi. Choncho munthu akakuuzani kuti nyumba yake ili "ku Avignon", funsani msewu wake n'kuuyang'ana pa mapu. Nyumba ya kunja kwa linga ikhoza kukhala ndi bwalo, poimika galimoto ndi chipinda cha pansi, zomwe kwa banja ngati lathu zikanaposa windo loona nsonga za apapa. Ikhozanso kukhala kutali ndi chilichonse.

Pomaliza tinawalembera kuti Ogasiti sitingathe, ndipo tinafotokoza zifukwa zake zonse, bondo la amayi ndi mafani awiri aja. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Patapita masiku awiri anayankha ndi funso: bwanji sabata yomaliza ya Okutobala? Ana asukulu ku France amakhala pa tchuthi cha milungu iwiri chozungulira tsiku la Oyera Onse, ndipo chimakumana ndi tchuthi cha ana asukulu cha kuno ku England. Mwana wawo wamkulu ankafuna kudzaona yunivesite ya Nottingham, n'chifukwa chake anasankha mzinda wathu womwe sindinkaganiza kuti Mfalansa angaulakelake. Masiku anatsika kuchoka pa 14 kufika pa 7, omwe kwa Avignon ndi muyezo wabwino.

Cholemera chinali kuwauza amayi, chifukwa pofika Okutobala akanakhala atabwerera. Iwo sakanalola kuti mvula yoyamba iwapeze ku England munda usanagalauzidwe. Ndinkayembekezera kuti akhumudwa. Anangoti, "Apapawo anachokako kale, eti? Ndiye ndikakaone ndani? Mukandijambulire pamene anaima Katarina." Ogasiti tinakhala nawo kuno, tinawatengera kunyanja ku Skegness, ndipo anadandaula kuti madzi ake ndi ozizira ngati a m'firiji.

Tinafika ku Avignon Loweruka madzulo. Makiyi tinawapeza kwa mayi wina wachikulire wa pansi, yemwe anatilonjera ndi Chifalansa chothamanga moti cha kusekondale changa chinagwa m'manja. Ndinangogwira mawu oti mphaka ndi oti Lachiwiri. Masitepe aja ndinawawerenga ndili ndi masutikesi awiri: analidi 58, ndipo pa la 40 ndinathokoza Mulungu kuti amayi ali ku Ntcheu. Patebulo panali botolo la vinyo, mabisiketi a ana, ndi kope la masamba asanu ndi limodzi lofotokoza zonse, kuyambira mmene amayatsira chitofu mpaka dokotala wa mphaka.

Chimene sitinachiwerengere bwino chinali mphepo. Amaitcha mistral. Imatsika ndi chigwa cha Rhône kuchokera kumpoto, youma ndi yozizira, ndipo ikayamba imatha masiku. Asodzi a kunyanja kwathu akanaitcha mpoto, koma mpoto wa kwathu ndi mwana. Inatiwomba masiku atatu, zitseko za mawindo zikugunda usiku wonse, ndipo pa mlatho woduka uja mwana wathu wamng'ono ndinachita kum'gwira dzanja mwamphamvu. Koma imasesa mitambo yonse, thambo n'kukhala lobiriwira moti maso amawawa. Nyenje, zomwe ndinazimva ulendo woyamba uja zikulira m'mitengo ngati kwathu mu Okutobala, zinali zitatha kale. Minda ya lavenda yomwe imakopa anthu kumapeto kwa Juni ndi mu Julayi inali itakololedwa. Zimenezo ndi zomwe tinalipira posankha nyengo yozizira.

Masiku enawo tinakhala ngati anthu a mumzindamo, ndipo apa m'pamene kusinthana nyumba kumaposa hotela. M'mawa ndinkatsika kukagula buledi, n'kuphunzira kuti ukalowa m'sitolo usanapereke moni, wogulitsa amakuyang'ana ngati mwana wosaleredwa, monga momwe zilili kwathu. Ndiwo tinkagula ku Les Halles, msika wa pa Place Pie womwe khoma lake lakutsogolo linabzalidwa zomera kuyambira pansi mpaka pamwamba. Umatsegulidwa m'mawa wokha, ndipo Lolemba sutsegulidwa, zomwe tinazidziwa titafika pakhomo pake ndi zikwama zopanda kanthu. Tinazolowera kuti chakudya cha masana m'malesitilanti chimatha cha m'ma 2 koloko, wochedwa adikire usiku. Madzulo tinkayenda mu Rue des Teinturiers, msewu wa miyala womwe uli ndi ngalande ndi magudumu akale amadzi a anthu onyika nsalu. Ufa tinali titaiwala, ndipo tsiku lachinayi, nsima itatilaka, mayi a kunyumba anaphika ya ufa wachikasu wa polenta. Ana anati ndi mgaiwa wodwala, koma mbale zinabwerera zopanda kanthu. Kuchipinda kwa eni sitinagoneko. Mayi a kunyumba anaima pakhomo pake, anayang'ana bedi ndi zithunzi za ukwati wa eni ake, n'kutseka chitseko. Tinagona pa sofa yotambasula ya pabalaza sabata yonse, ndipo msana wanga ukukumbukirabe.

M'nyumba ya apapa ndinajambula chipinda chachikulu chimodzi n'kutumizira amayi. Sindinawanamize kuti Katarina anaima pomwepo, ndinangoti anafika m'nyumba imeneyi. Anaonetsa chithunzicho ku mphakati wonse.

Titabwerera ku Nottingham tinapeza nyumba yoyera kuposa mmene tinaisiyira, chipinda chathu chili chikiyire, ndipo kapu imodzi yosweka itakulungidwa bwino m'nyuzipepala pamodzi ndi ndalama yake. Pa chidebe cha ufa woyera womwe amayi anatibweretsera kuchokera ku Ntcheu panali kapepala kolembedwa m'Chingerezi chovutikira. Ankapepesa kuti anatapako makapu awiri. Anayesa kuphikira zikondamoyo zawo zopyapyala zija, koma zinkangophwanyika m'chiwaya, ndipo ankafunsa kuti tirigu ameneyu ndi wa mtundu wanji.